Kupalasa njinga m'mbali mwa nyanja mpaka ku Cape Agulhas, kwa ife okhala ku Joni

Ambirife tinakulira pa njinga, kuchigayo njinga, kudimba njinga, wodwala kuchipatala njinga yomweyo, koma tikangofika ku Joni kuno njinga timawasiyira anzathu ovala tizovala tothina aja amene amadzadza m'misewu ya ku Cradle, cha ku Muldersdrift, Loweruka mmawa. Ndiye leave ikakwana zimangokhala ziwiri, kukwera basi ya kumudzi kapena kugona mu room mpaka masiku athe. Ine ndikuti njira ina ilipo ndipo siidya ndalama ngati mmene anthu amaganizira. Mumatenga njinga yanu, kuikweza basi, kukatsika ku Cape, nkupalasa sabata imodzi m'mbali mwa nyanja ya mchere kudera lotchedwa Overberg, kuyambira ku Gordon's Bay mpaka ku Cape Agulhas komwe Africa amathera kum'mwera. Onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 250. Munthu woti anapalasapo ndi thumba la chimanga pa kaliyala mtunda umenewu sungamuopse, chimene chimagonjetsa anthu kumeneko ndi mphepo ndi katundu wochuluka, ndiye zonse ndinene apazi zikuzungulira pa ziwirizo.

Choyamba, sankhani mwezi

Apa ndipamene ulendo umakomera kapena kuwonongekera musananyamuke nkomwe. Nyengo ya ku Western Cape ndiyotembenuka, mvula yawo imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, pomwe kuno ku Joni kuli gwa kouma. Nthawi yotentha, November mpaka February, kumakhala kouma koma ndipamene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imalusa, ndipo ulendo wathuwu ukulowera komwe mphepoyo ikuchokera, kutanthauza kuti imakumenyani pamphumi tsiku lonse. Amene munakulira kunyanja mukudziwa mmene mwera umachitira mu July asodzi mpaka kukokera mabwato kumtunda, ndiye iyi ndi imeneyo koma yokupezani pamsewu muli pa njinga yolemera. Musaiderere, mu 2017 mpikisano waukulu uja wa Cape Town Cycle Tour anauimitsa mmawa wa tsiku lomwelo, mphepo inkagwetsa anthu ndi njinga zawo poyambira pomwe.

Ndiye miyezi yabwino ndi March kumapeto, April, ndi chiyambi cha May, mphepo imakhala yatsika, kutentha kwachepa, mvula sinayambe kwenikweni. Ina ndi September ndi October, minda ya canola imakhala ikumaliza maluwa achikasu, tirigu ali wobiriwira, komanso anangumi amakhala ali pafupi ndi gombe poti amabwera kuyambira June mpaka cha mu November, kungoti mvula ikhoza kukupezani tsiku limodzi kapena awiri. December ayi ndithu, Joni yense amakhala wathamangira kunyanja, misewu yodzadza, malo ogona mitengo kumwamba. Sabata ya Pasaka chimodzimodzi. Ochenjera amatenga leave yawo kuphatikiza ndi maholide a 27 April ndi 1 May, masiku a kuntchito amadyeka ochepa.

Njinga yake

Simukufunika njinga ya ma thousand ambirimbiri. Mountain bike wamba wa second hand wa feremu yolimba akukwana, bola akhale ndi magiya ofewa okwerera zitunda, kutsogolo ma plate atatu kapena awiri, kumbuyo giya yaikulu ya mano 32 kapena 34. Njinga yopanda magiya ngati zakwathu zija ikhoza kufika inde koma mudzakankha kwambiri mpaka kudana nawo ulendo. Njinga ya mpikisano ya timatayala towonda nayonso ayi, ilibe pomangira katundu ndipo msewu wafumbi siimaufuna.

Pogula pa Facebook Marketplace kapena Gumtree samalani, njinga zobedwa zilipo zambiri mu town muno. Kumanani pamalo poti pali anthu, masana, osapita ndi ndalama kunyumba kwa munthu simukumudziwa, ndipo mulembetsane kakalata kogulitsirana kokhala ndi nambala ya feremu, imakhala pansi pomwe pamalowa mapedulo. Wina akakana zolemba, musiyeni. Ife alendo nkhani ya katundu wobedwa imatikulira msanga kuposa eni dziko.

Mukagula pitani nayo kwa okonza njinga aone mabuleki, tcheni, masipoko ndi ma bearing. Mphira za mabuleki ikani zatsopano basi osakambirana. Matayala akhale otakata koma osati a mano akuluakulu a m'matope aja, amalemera pa tala. Muwauze athire sealant, mankhwala amadzimadzi otseka timabowo, m'machubu chifukwa kumeneko kuli timinga tina tating'ono ta nsonga zitatu timene timamera m'mbali mwa msewu, mukangotuluka pa tala pang'ono kuti mupume mwatola kale.

Chishalo chikwezeni bwino. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Ambiri timapalasa chishalo chili pansi mawondo akufika pachifuwa, pa ulendo wa ku shop palibe vuto koma tsiku lachitatu mawondo amayamba kulira.

Kaliyala ndiye yofunika. Chikwama cha kumsana chisiyeni, chimatenthetsa msana ndipo kulemera konse kumathera pamatako. Ngati ndalama ilipo gulani zikwama zopachika m'mbali mwa kaliyala, ngati palibe tengani zikwama ziwiri za sukulu muzimange mbali iyi ndi iyi, tenti pamwamba, nkukulunga ndi malamba odula ku chubu chakale, palibe Mmalawi wofunika kuphunzitsidwa zimenezo. Chongoti onetsetsani kuti palibe lamba kapena chingwe cholendewera pafupi ndi masipoko, komanso chidendene chisamagunde chikwama popalasa.

Zonyamula, ndi zosiya

Yalani zonse pabedi kenako chotsani theka. Katundu yense asapitirire makilo 12 kapena 15, madzi apadera. Malaya opalasira awiri, kabudula wa siponji mmodzi kapena awiri, zovala za madzulo peyala imodzi, juzi, jekete ya mvula yomwe imatchinganso mphepo, masilipasi. Jini ndi nsapato za ku tchalitchi zitsale. Kabudula wa siponjiyo amavalidwa popanda kanthu mkati, ndikudziwa zikumveka zachilendo koma msoko wa kabudula wamkati ndi umene umasupula khungu, pakani Vaseline pang'ono mmawa ndipo muzimuchapa madzulo aliwonse. Amene mukuchita manyazi ndi chothina valani kabudula wamba pamwamba, achemwali ena amamanga chitenje akatsika pa njinga, zimatheka bwinobwino.

Zida: pampu, machubu awiri, mapatchi ndi sulushoni, zotsegulira tayala, ma allen key, sipanala ya mapedulo, kabotolo ka oyilo wa tcheni, ma cable tie, loko. Magetsi a kutsogolo ndi ofiira a kumbuyo, vesti yowala ija ya pa site. Helmet sinkhani yokambirana, lamulo la dziko lino linayamba kukakamiza mu 2004. Mabotolo a madzi okwana malita awiri kapena atatu. Mafuta oteteza ku dzuwa pakani ndithu, zoti ife akuda sitipsa ndi bodza, mphuno ndi khosi zimasupuka. Power bank. Mapu a dera lonse tsitsirani mu foni muli pa WiFi chifukwa pakati pa mafamu netiweki imasowa.

Pasipoti ndi permit yanu nyamulani, muike mu pulasitiki, makope ake musunge pena komanso mu foni. Nambala ya 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja, apolisi ndi 10111, ambulansi 10177. Ndalama pang'ono za cash, zina pa card.

Ngati muli awiri kapena atatu, ndipo ndi mmene ndingakulangizireni, gawanani, wina tenti, wina kasitovu ka gasi ndi poto, wina zida. Ufa musanyamule kuchokera kuno, ka 1 kg mumagula kulikonse.

Konzekerani miyendo muli konkuno

Masabata asanu ndi limodzi akukwana. Yambani ndi makilomita 20, muziwonjezera mpaka mufike 60 osamva kuti mwafa, ndipo chofunika kwambiri palasani masiku awiri otsatizana, Loweruka ndi Lamulungu, chifukwa ulendo weniweni ndi kukweranso chishalo dzulo lake mutatopa. Zitunda Joni ali nazo zokwanira, Northcliff, Munro Drive ku Houghton, ndipo ku Cradle cha ku Muldersdrift kuli misewu yokhala ndi mpata wa njinga. Pitani mmawa ndi anzanu, nokhanokha m'malo obisika amalanda njinga. Masabata awiri omaliza mangani katundu yense amene mudzanyamule mukwere naye chitunda, mudzaona nokha zina zikubwerera mu wadiropu. Mwayi wathu ndi woti Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye mukatsikira kunyanja mpweya umakhala wokwanira, chifuwa chimapepuka masiku oyamba.

Kukweza njinga basi

Kuchokera ku Park Station kukafika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa N1, basi imayenda usiku wonse ndi kachigawo ka tsiku. Musanagule tikiti funsani kampaniyo za njinga, ambiri amafuna ikhale mu katoni ndipo amalipitsa padera, mufunse mtengo ndipo akulembereni, osangomva za pakamwa. Katoni mumapempha ku shop ya njinga, amakhala nawo otaya.

Kulongedza kwake: chotsani mapedulo, ndipo apa tcherani khutu, pedulo ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuka, imamasuka mukapotoza mbali yomwe zinthu zina zimamangira, anthu ambiri amalimbana nayo mpaka kuononga. Chotsani tayala la kutsogolo, masulani handulo muitembenuze igone motsatira feremu, tsitsani chishalo koma muyambe mwaika chizindikiro ndi tepi pomwe chinali. Kachida kosinthira magiya kumbuyo kaja ndi kosachedwa kupindika, kakulungeni ndi juzi kapena katoni. Pakati pa foloko ikani kathabwa kuti isaphwanyike akaunjikapo masutikesi. Tizitsulo tonse mu kapepala kamodzi, mumatire ku feremu. Lembani dzina ndi nambala pa katoni ndipo muimirire pompo pamene akulowetsa.

Mukafika ku Cape Town kapena Bellville musayerekeze kupalasa pa N2, njinga siziloledwa pa freeway komanso si msewu wabwino kwa munthu wa katundu. Gordon's Bay ili makilomita 50 ndi kanthu kuchokera mu town, konzani transport ikakutuleni ku Strand kapena ku Gordon's Bay komweko. Abale athu ku Cape aliko ambiri, funsani m'magulu a WhatsApp a kwanu kapena a ku mpingo, simungasowe wa bakkie, ndipo yemweyo mumupemphe akusungireni katoni ija.

Njira yake tsiku ndi tsiku

Lamulo la tsiku lililonse ndi limodzi, nyamukani kukangocha. Mphepo nthawi zambiri imadzuka chakumasana nkumakula madzulo, ndiye amene wanyamuka 6 koloko amafika 12 akuseka, amene wayamba ndi kuphika nsima nkunyamuka 10 amafika akutukwana. Usiku uliwonse onani za mphepo pa Windy kapena yr.no, muone mbali yomwe ikuchokera ndi liwiro lake. Ikakhala yopitirira makilomita 35 kapena 40 pa ola ndipo ikuchokera kutsogolo, khalani pansi, chapani zovala, ndichifukwa chake pa sabata yanu musiye tsiku limodzi lopanda pulogalamu.

Tsiku loyamba, Gordon's Bay mpaka Kleinmond, osapitirira makilomita 50 pa R44. Chigawo choyamba mpaka Rooi-Els ndi Clarence Drive, msewu wosemedwa m'mbali mwa phiri, anaumanga ndi akaidi a nkhondo a ku Italy m'zaka za m'ma 1940. Kumanzere phiri, kumanja False Bay ili pansi, makhotakhota osatha, kukwera pang'ono kutsika pang'ono. Popeza timayenda kumanzere inu mudzakhala mbali ya phiri, malo oimapo ambiri ali mbali ya nyanja, ndiye pofuna kujambula imani kaye, yang'anani mbali zonse, muwoloke mukukankha, osangokhota pakona. Pitani pakati pa sabata, Lamulungu mumadzadza njinga zamoto ndi magalimoto ongoyenda. Mukadutsa Rooi-Els pali chitunda chimodzi chokupatsani moni, kenako Pringle Bay ndi Betty's Bay. Ku Stony Point kuli ma penguin, mumalipira kangachepe pa geti, ndi pomwe kale panali fakitale yophera anangumi. Dera lonseli ndi la Kogelberg, UNESCO inalivomereza mu 1998 chifukwa cha zomera za fynbos, ndipo zomerazi zimayaka moopsa, moto wa pansi kapena chotsalira cha fodya ayi.

Anyani a kumeneko si amanyazi. Amadziwa zipi, amadziwa pulasitiki ya mkate. Musasiye njinga ya katundu payokha, musadye iwo akuona, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu.

Tsiku lachiwiri, Kleinmond mpaka Hermanus, makilomita pafupifupi 35, lalifupi dala. Kunena zoona apa mawu oti msewu wa phee sakugwira, mukalowa R43 kudutsa Fisherhaven, Hawston ndi Onrus magalimoto ndi ambiri. Khalani mkati mwa mzere wachikasu, getsi lofiira liyake ngakhale masana, ndipo dziwani kuti madalaivala a kuno amalowa mu mzere wachikasuwo popatsa mpata anzawo, ndiye khutu likhale kumbuyo. Ku Western Cape kuli lamulo la 2013 loti galimoto isiye mita imodzi podutsa wa njinga, lomwelo limatinso ife tiziyenda mondondozana osati mogundana mapewa, ndipo ma earphone ayi. Lamulo lilipo koma musaliyese ndi thupi lanu. Ku Hermanus gulani zonse zofunika, kuli ma shop aakulu ndi okonza njinga, ndipo ngati ndi nyengo yake khalani pa miyala ya m'mbali mwa town muone anangumi ulere osakwera boti.

Tsiku lachitatu, Hermanus, Stanford, Gansbaai, makilomita 45 kapena kuposerapo pang'ono. Msewu umatsata dziwe la mtsinje wa Klein mapiri ali kumanzere, Stanford ndi kamudzi kabwino kopumirapo tiyi. Gansbaai ndi town ya asodzi, yotchuka ndi zolowa m'madzi mu khola kukaona shaki, zimenezo ndi za ena ife tidye fish and chips. Miyendo ikakhala ilipo pitani ku Danger Point, pali nsanja ya nyali ya 1895, pafupi pomwe sitima ya Birkenhead inamira mu 1852 nkupha anthu oposa 400.

Tsiku lachinayi ndiye mtima wa ulendo, ndipo ndi lalitali. Kuchoka ku Gansbaai mumasiya nyanja nkulowa mkati kudzera ku Baardskeerdersbos mpaka Elim, makilomita 45 kapena chapompo, kenako ena 35 ndi kanthu kukafika ku Bredasdorp. Apa ndipamene mumapeza chimene munabwerera, msewu wa zii, mafamu, nkhosa, mbalame zazitali zotuwa zija za blue crane zili ziwiriziwiri m'minda, galimoto imodzi kenako mphindi zambiri osamva kanthu koma tcheni chanu. Koma zitunda zake ndi zonyenga, palibe phiri lalikulu loti muliwone nkulikonzekera, ndi timapiri tobwerezabwereza, mukafika pamwamba mukuona kena kutsogolo, ndipo mphepo ilibe chotchinga. Ma shop ndi ochepa kwambiri, tulukani mu Gansbaai mabotolo ali odzadza ndi chakudya cha tsiku lonse. Elim ndi mudzi wa mishoni ya a Moravian wa 1824, tinyumba toyera tofolera ndi udzu tandandalika msewu umodzi mpaka ku tchalitchi, amuna a kumeneko ndi akatswiri odziwika pa zofolera, kulinso chigayo chakale choyendera madzi ndi chipilala chokumbukira kumasulidwa kwa akapolo. Ndi mudzi wa mpingo, lowani mwaulemu, perekani moni, Lamulungu musayembekezere kugula kanthu. Ngati 80 pa tsiku ikukuchulukirani, funsiranitu malo ogona ku Elim kapena ku Baardskeerdersbos mudule tsikuli pawiri, palibe amene akukuthamangitsani.

Tsiku lachisanu, Bredasdorp mpaka Struisbaai makilomita 30 pa R319, kenako pang'ono chabe kufika L'Agulhas. Ndi pathyathyathya, ndiye mphepo ikagona ndi maola awiri, ikadzuka ndi tsiku lonse. Nsanja ya nyali yofiira ndi yoyera ija inayamba kuwala mu 1849. Kuchoka pamenepo kanjira kamakufikitsani pa mwala wolembedwa kuti Indian Ocean uku Atlantic Ocean uku, jambulani ndi njinga yanu mutumize kumudzi. Kusambira sambirani ku Struisbaai pomwe pali anthu ena, nyanja iyi si ya ku Salima, ili ndi mafunde okokera mkati ndipo amene amadzitama kuti anakulira kunyanja ndi amene amavutika.

Kukwera ndi kutsika ndi katundu

Sinthani giya chitunda chisanakugwireni, mukadikira mpaka mapedulo alimbe tcheni chimalira kapena kuduka kumene. Khalani pansi, miyendo izizungulira mopepuka, osaimirira nkumavina ndi njinga yolemera. Liwiro likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Zikakanika tsikani mukankhe, ndipo musamayang'ane pamwamba pa chitunda, yang'anani mtengo wa waya uli patsogolopo, mukafika musankhe wina.

Kutsetsereka ndiye koopsa kuposa kukwera. Njinga ya katundu imathamanga msanga ndipo imachedwa kuima. Gwirani mabuleki onse awiri, finyani nkusiya, finyani nkusiya, osangokakamira mpaka pansi chifukwa malimu amatentha. Chepetsani liwiro musanalowe pakona osati muli mkati. Mphepo ya m'mbali ikamawomba, kapena thiraki ikamadutsa, gwirani handulo zolimba, imakukankhani kenako nkukukokerani mkati mwa msewu. Pamene mphepo ili kutsogolo ndondozanani moyandikana muzisinthana wotsogola, wakumbuyo amapumako ndithu.

Mukasankha kamsewu kafumbi phwetsani matayala pang'ono, ndipo galimoto ikamabwera ndi fumbi lake ingoimani pambali. Mageti a mafamu musalowe popanda chilolezo, agalu akakuthamangitsani tsikani njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo. Popita kutchire yang'anani pansi, mphiri zilipo ndipo sizithawa.

Tayala likaphwa

Chokani pamsewu kaye. Tulutsani chubu, koma musanaike china yendetsani chala pang'onopang'ono mkati mwa tayala monse mpaka muupeze munga, chifukwa ukatsalamo chubu chatsopano chiphwanso musanafike pa kona. Kawirikawiri kumakhala kansonga kochepetsetsa kosaoneka ndi maso, kamangokukandani chala. Ikani chubu chatsopano mutachipopa pang'ono kuti chisapanike, chobookacho mukamate madzulo mutakhala pansi: palani, pakani sulushoni, dikirani aume mpaka asiye kunyezimira, ndiye muike patchi nkukanikiza. Kuthamangira kumata sulushoni ali wamadzi ndi kumene kumapangitsa anthu kunena kuti mapatchi a masiku ano ndi achabe.

Kudya ndi kugona

Idyani musanamve njala, imwani musanamve ludzu, ola lililonse kanthu kalowe. Mkate wa chiponde, nthochi, mtedza, mazira owiritsa, mageu a mu shop aja amagwira ntchito kuposa ma energy drink. Nsima ndi ya madzulo, masana imakugonetsani. Mukayamba kuona kuti mwakwiya popanda chifukwa ndipo miyendo yasanduka thonje, si matenda, shuga watha m'thupi, imani mudye.

Kugona kotchipa ndi tenti m'ma caravan park, aliko ku Kleinmond, ku Onrus, cha ku Franskraal kufupi ndi Gansbaai, ndi ku Struisbaai, mumapeza shawa yotentha ndi pochajira foni. Imbani foni masiku angapo musanafike. Ma backpackers aliponso ku Hermanus ndi ku Struisbaai ngati mvula yavuta. Zongokhoma tenti pagombe kapena pa famu ya munthu musachite, mudzadzutsidwa ndi a security kapena apolisi, ndipo kwa mlendo nkhani yake imatalika. Tenti muikhome khomo litafulatira mphepo, zikhomo zonse zilowe, njinga muimange ku mtengo kapena ku mpanda ngakhale malo akuoneka abwino.

Kubwerera

Pali njira ziwiri. Yachidule ndi kupangana ndi wa bakkie uja adzakutengeni ku Struisbaai kapena ku Bredasdorp, mugawane za mafuta. Ngati masiku alipo palasani kubwerera chamkati, Bredasdorp kupita ku Napier ndi makilomita 16 okha, kenako R316 kulowera ku Caledon pakati pa minda ya tirigu, zitunda zake ndi zazitali kuposa za ku Elim koma ulendo uno mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa imakhala kumsana ikukukankhani. Kuchoka ku Caledon R320 imakwera Shaw's Pass nkutsikira m'chigwa cha minda ya mphesa cha Hemel-en-Aarde mpaka ku Hermanus, makilomita ngati 40. Amene muli ndi tsiku lapadera muli ku Bredasdorp, Arniston ili makilomita 24 chabe, kuli mudzi wakale wa asodzi wa Kassiesbaai ndi phanga lalikulu lolowamo pokhapokha madzi akaphwera, ndiye funsani nthawi yake musanapite.

Tikiti yobwerera ku Joni muisiyire tsiku limodzi la mpata, musaike basi tsiku lomwe mukumaliza kupalasa. Polongedza njinga mu katoni muja pukutani kaye mchenga, ndipo mukafika kuno tsukani njinga yonse ndi madzi wamba nkuthira oyilo pa tcheni ndi pa zingwe za mabuleki, mpweya wa kunyanja uli ndi mchere ndipo mukaisiya sabata ziwiri pakhonde mudzaipeza yachita dzimbiri.